Mafunso a Owerenga: Kansomba ka Mizeremizere Kamene Kalanda Thanki

Makalata ambiri amene afika patsamba lino m'miyezi yapitayi akunena za kansomba kamodzi kotuwa, kokhala ndi mizere yakuda 8 kapena 9 yotsika kuchokera pamsana kufika kumimba, kamene ogulitsa amakatchula kuti convict cichlid, pamene ena amangoti zebra. Zikuoneka kuti kansombaka kalowa m'nyumba zambiri mu Lilongwe muno, ndipo n'zosadabwitsa, chifukwa munthu akangokhala ndi yaimuna ndi yaikazi, pakatha miyezi yochepa amakhala ndi ana oti n'kugawira mpingo wonse, ena n'kutsala. Ndasankha makalata 5, ndawafupikitsa pang'ono, ndipo mayina a eni ake ndawachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Alangizi, ndinagula tinsomba 4 ta mtundu umenewu tili tating'ono kusafika kutalika kwa chala, ndipo ndinatiika m'thanki yagalasi ya masentimita 60 momwe munali kale ma goldfish 2 ndi ma guppy angapo. Kwa miyezi iwiri munali mtendere, koma tsopano ziwiri mwa nsombazi zalanda mbali yonse ya thanki, zikukumba mchenga usana ndi usiku, zazula zomera, ma guppy atha, ndipo goldfish imodzi zipsepse zake zang'ambika. Kodi zapenga, kapena ndi njala? Ndine bambo wa ku Area 47.

YANKHO: Bambo, nsomba zanu zili bwino m'mutu ndiponso m'mimba. Chimene chachitika n'chakuti zakula msinkhu, ziwirizo zatengana, ndipo zikumanga banja. Usiku uno mutenge tochi muunike pansi pa mwala kapena kuseri kwa fyuluta kumbali imene zalandayo. Ndikukhulupirira kuti mupeza timazira totuwira chikasu, tating'ono ngati njere za mawere, titamatidwa pamalo oyeretsedwa bwino, yaikazi ili pomwepo ikutikupiza ndi zipsepse zapachifuwa kuti tizilandira madzi abwino. Mukayandikitsa chala pagalasi, yaimuna ibwera itafufumitsa masaya ngati tambala wofuna ndewu, ndipo mukalowetsa dzanja m'madzi ikujomphani, ngakhale kuti siingakuvulazeni.

Kwawo kwa nsombayi ndi ku Central America, m'mitsinje ndi m'nyanja za mayiko monga Guatemala, El Salvador ndi Honduras, kumene imakonda malo a miyala, mizu ndi nthambi zogwera m'madzi. Katswiri wa nsomba Albert Günther, amene ankagwira ntchito ku British Museum ku London, ndiye anayamba kuilemba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1867. Kuyambira mu 2007 akatswiri amaitchula kuti Amatitlania nigrofasciata. Dzina loyambalo likuchokera ku nyanja ya Amatitlán ku Guatemala, ndipo lachiwirilo m'Chilatini likunena za mizere yakudayo. Dzina loti convict, kutanthauza mkaidi, linabwera chifukwa kale akaidi a m'mayiko ena ankavala zovala za mizeremizere. Kwathu kuno foya ndi yoyera, choncho mtundu wina wa nsomba yomweyi umene oweta anautulutsa, woyera motuwira pinki wopanda mizere, ndi umene ukanayenera dzinali.

Kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi n'kosavuta zikakula. Yaimuna imafika masentimita 10 kapena 12, zipsepse zake zapamsana ndi zapansi zimatalika n'kusongoka kumapeto, ndipo ikakalamba imatuluka kalinunda ka mafuta pamphumi. Yaikazi imachepa, kawirikawiri siipitirira masentimita 8, ndipo pamimba pake pamakhala mamba ofiirira ngati khungu la lalanje, amene amawala kwambiri ikayandikira kuikira mazira.

Ukali wake uli ndi chifukwa. Kumtsinje kwawo chilichonse chosambira chimafuna kudya mazira ndi ana ake, ndiye bambo ndi mayi onse awiri amalondera, ndipo amathamangitsa ngakhale nsomba yowaposa kukula kawiri. Kumtsinjeko wothamangitsidwayo akathawa mita imodzi kapena awiri, nkhani yatha. M'thanki yanu wothawa amagunda galasi n'kubwereranso pakhomo pa eni malo, ndipo iwo amaona ngati mdaniyo akuchita mwano. Thanki ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu imalowa malita 54 okha. Mumachulukitsa manambala atatuwo n'kugawa ndi 1,000. Malo amenewo ndi ochepa ngakhale kwa banja limodzi lokha, limene limafuna malita osachepera 75, ndipo ine ndimakonda thanki ya masentimita 90, yomwe ikakhala 40 m'lifupi ndi 40 msinkhu imalowa malita 144. Mukumbukire kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho tebulo lake likhale lolimba ndiponso losapendekeka.

Lero lomwe muchotse ma goldfish, amene ndi ochedwa kusambira ndipo amakonda madzi ozizirirapo, komanso ma convict awiri otsalawo, chifukwa ndi amene atsatire ma guppy. Za zomera zobzala mumchenga iwalani. Ngati mukufuna zobiriwira, mangirirani Anubias kapena Java fern pamtengo kapena pamwala. Miyala ikuluikulu muiike pagalasi lapansi musanathire mchenga, kuopa kuti nsomba zikakumba pansi pake ingagwe n'kuswa thanki. Ikanimonso mphika wadothi wosapaka utoto, mutaugoneka chammbali, kapena phale lalikulu lovundikira, ndipo muonetsetse kuti pali phanga lina la khomo laling'ono loti yaikazi yokha n'kulowamo. Mabanja a nsombazi amayambana, makamaka ana akafa kapena yaimuna ikafuna kubereka mkazi asanakonzeke, ndipo yaikazi yosowa pobisala imatha kupezeka itafa m'mawa.

FUNSO: Alangizi, ine ndimakonda ukhondo. Loweruka lililonse ndimachotsa nsomba, n'kutaya madzi onse, n'kutsuka thanki, miyala ndi siponji ya m'fyuluta ndi sopo, kenako n'kuthira madzi atsopano apampopi. Ngakhale ndikuchita zonsezi, m'mwezi wa Juni nsomba 2 zafa, ndipo yotsalayo ili ndi timadontho toyera ngati mchere ndipo ikudzikhuza pamiyala. Anandiuza kuti convict siifa wamba. Ndalakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Area 18.

YANKHO: Mayi, mundikhululukire ponena mosabisa kuti ukhondo wanuwo ndi umene ukupha nsomba. Amene anakuuzani kuti convict ndi yolimba sananame, chifukwa nsomba ina iliyonse ikanafa Loweruka lachiwiri.

Nsomba imatulutsa ammonia kudzera m'zopumira zake ndi m'ndowe, ndipo zakudya zotsala zikaola zimaonjezeranso ammonia yemweyo, amene ndi poizoni ngakhale achepe. M'thanki yokhazikika muli mabakiteriya abwino amene amakhala m'siponji ya fyuluta, pamiyala ndi mumchenga. Gulu lina limasandutsa ammonia kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, ndipo gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimapirira akapanda kuchuluka. Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira pamatenga masabata 4 mpaka 6. Inu mukumawapha pa masiku 7 alionse, kotero kuti thanki yanu, ngakhale yakhala miyezi, kwa nsomba ikadali yatsopano. Kuthimbirira kumene mumakuona pasiponji ndi kumene kuli moyo wa thankiyo.

Kuyambira sabata ino nsomba musamazichotse. Muzichotsa gawo limodzi mwa magawo 4 a madzi kamodzi pa sabata, pogwiritsa ntchito kapaipi kokokera zinyalala zapansi, ndipo siponji muziifinya pang'ono m'madzi omwe mwachotsawo, kamodzi pa mwezi kapena madzi akayamba kuyenda mofooka. Sopo asayandikire n'komwe, ndipo ndowa ya nsomba ikhale yakeyake, yosachapiramo zovala. Madzi otayidwawo musawaponye m'ngalande. Muli nitrate, chakudya chomwecho chimene alimi amachifuna mu feteleza wa CAN, choncho mpiru ndi tomato wa kuseri kwa nyumba adzakuthokozani.

Madzi apampopi mumzinda muno amachokera mumtsinje wa Lilongwe, amasungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo a Lilongwe Water Board amathiramo klorini kuti ife anthu tisadwale. Klorini ameneyo amawotcha zopumira za nsomba ndipo amaphanso mabakiteriya aja. Tungani madzi m'ndowa yosavundikira, akhale tsiku limodzi kapena awiri musanawathire m'thanki, kapena gulani mankhwala ochotsera klorini amene amagulitsidwa pamodzi ndi zakudya za nsomba. Madzi a pamjigo alibe klorini ndipo convict imawalandira bwino, chifukwa imakhala m'madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) yapakati pa 6.5 ndi 8, koma ngati mwathiramo WaterGuard, dziwani kuti ameneyonso ndi klorini.

Mwatchula mwezi wa Juni, ndipo pamenepo pali theka lina la yankho. Lilongwe ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kunja kumazizira mpaka kutsika madigiri 10. Nsombayi imasangalala pa madigiri 24 mpaka 28, imapirira mpaka 20, koma madzi akamatsika kuposa pamenepo usiku n'kukweranso masana, thupi lake limafooka ndipo matenda amapeza polowera. Timadontho toyerato ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis, kamene kamabisala pansi pa khungu la nsomba, kenako n'kugwera pansi pa thanki, n'kuswana kukhala mazanamazana, n'kubalalika kufunafuna nsomba ina. Mankhwala amakapha pa nthawi yokhayo imene kakusambira, n'chifukwa chake kuthira tsiku limodzi sikuthandiza. Gulani hita ya m'madzi, pafupifupi watt imodzi pa lita iliyonse, mukweze kutentha pang'onopang'ono mpaka madigiri 28 kapena 29, muthire mankhwala a matendawa, amene amatchedwa white spot, monga alembera pabotolo, kapena mchere wa magalamu 2 pa lita mutausungunula kaye m'kapu, ndipo mupitirize kwa masabata awiri ngakhale timadonthoto titasowa msanga.

Magetsi akathima nthawi yozizira, fundikani thanki ndi bulangete, muyandamitsemo mabotolo apulasitiki otsekedwa bwino okhala ndi madzi ofunda, musadyetse nsomba, ndipo pa ola lililonse kapena awiri muzitunga madzi a m'thankimo ndi kapu n'kuwathiramonso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Mbaula ya makala musaiyandikitse.

Ndionjezere chinthu chimodzi chimene chinandigwera ine mwini. Madzulo ena a dzinja, udzudzu utavuta, munthu wina wa pakhomo panga anapopera mankhwala pabalaza n'kutseka zitseko, thanki ili yosavundikira ndipo pampu ya mpweya ikukoka utsi wonsewo kulowetsa m'madzi. Pobwera ndinapeza yaimuna imene ndinakhala nayo zaka 4 ikuzungulira chagada, mizere yake itazimirira, ndipo pofika m'mawa thanki yonse inali zii. Mankhwala ambiri ophera udzudzu ndi oopsa kwa nsomba kuposa mmene timaganizira. Musanapopere, zimitsani pampu, vundikirani thanki ndi nsalu yonyowa, ndipo muyatsenso pokhapokha chipinda chitapitidwa mphepo.

FUNSO: Alangizi, ndili mu Sitandade 7 ku Kawale. Amalume anandipatsa ma convict 2 koma ndilibe ndalama zogulira chakudya cha m'botolo. Kodi ndingazipatse nsima kapena gaga monga amachitira a madamu?

YANKHO: Mwana wanga, nsima usaipereke, chifukwa imasungunuka, kudetsa madzi ndi kuwasasitsa. Gaga amathandiza m'damu chifukwa damu ndi lalikulu ndipo wotsalayo amasanduka manyowa omeretsa tizakudya tina ta nsomba, pamene m'thanki yaing'ono amangoola. Mwayi wako ndi wakuti convict siisankha. Kwawo imadya tizilombo, nyongolotsi, ndere ndi tizidutswa ta masamba. Kumba nyongolotsi pamalo osathiridwa mankhwala, uzitsuke n'kuzidula tizidutswa. Sinja bonya kapena usipa wouma wopanda mchere, uziviika pang'ono usanapereke. Mvula zoyamba zikagwa, ngumbi zothothola mapiko ndi phwando, koma zikhale zochepa chifukwa zili ndi mafuta ambiri. Kawiri pa sabata upereke nsawawa yophika yosenda khungu, kapena katsamba ka bonongwe kofutsa. Mphutsi za udzudzu ukazipeza m'chitini, zipatse nsomba n'kutaya madziwo, koma usaziwete dala, kuopa malungo.

Uzidyetsa kawiri pa tsiku chakudya choti chithe m'mphindi ziwiri, chotsala uchotse, ndipo tsiku limodzi pa sabata zigone ndi njala. Zidzakupempha nthawi iliyonse ukadutsa, usazimvere chisoni. Ukapeza kandalama, botolo limodzi la chakudya cha ma cichlid, banja la nsomba limene convict ilimo, limakhalitsa miyezi ukamasakaniza ndi zimenezi. Ukazisamala, nsombazi zikhoza kukhala zaka 8, kutanthauza kuti udzamaliza nazo Fomu 4.

FUNSO: Alangizi, ndamva kuti convict ndi ya banja limodzi ndi mbuna zathu za m'nyanja. Kodi ndingaziike m'thanki imodzi, ndipo kodi zingaberekane? Ndine bambo wa ku Area 25.

YANKHO: Mwamva zoona, bambo. Convict, mbuna, chambo, utaka ndi mcheni zonse ndi za banja lotchedwa Cichlidae, ndipo madzi amene mbuna zimakonda convict imakhalamo mosavuta. Kuberekana sizingatheke, chifukwa ubale wake ndi wakutali kwambiri ndiponso kaberekedwe n'kosiyana. Mbuna yaikazi imatola mazira ake, ochepa koma akuluakulu, n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu osadya, kotero kuti nyumba ya ana imayenda nayo kulikonse. Convict imaikira mazira pamwala n'kulanda dera lonse lozungulira. Mukaziphatikiza, mitundu yonse iwiri ikufuna mapanga omwewo, yonse ndi yandewu, ndipo m'thanki ya panyumba wina ayenera kuvulala. Pali vuto la chakudyanso: mbuna zambiri zimapala ndere pamiyala ndipo matumbo ake ndi aatali, oyenera zamasamba, moti zikamadya nyongolotsi ndi usipa wa convict tsiku ndi tsiku zimatupa mimba n'kufa, matenda amene oweta a kunja anawapatsa dzina loti Malawi bloat.

Maganizo anga ndi akuti ngati malo muli nawo a thanki imodzi yokha yaikulu, muwete mbuna. Anthu a ku Germany, ku Japan ndi ku America amalipira ndalama zambiri kuti aone m'nyumba zawo nsomba zimene kwa zaka zambiri zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay ku Salima, monga Labidochromis caeruleus yachikasu ija ya kugombe la Nkhata Bay, yomwenso ndi yofatsa poyerekeza ndi mbuna zina. Mugule kwa amene ali ndi chilolezo, ndipo musakatape nokha ku Cape Maclear, chifukwa kumeneko ndi ku Lake Malawi National Park, malo otetezedwa kuyambira mu 1980 amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984.

FUNSO: Alangizi, ma convict anga abereka katatu ndipo tsopano ndili ndi ana oposa 200 m'mabeseni ndi m'zidebe. Abale ndi anansi onse ndawapatsa, ndipo palibenso wofuna. Kupha sindingathe, ndine munthu wopemphera. Ndaganiza zokawatsanulira mumtsinje wa Lingadzi kuti akadzionere okha, kapena kukawaika m'damu la achimwene anga ku Mitundu kuti adzakhale ndiwo. Chabwino n'chiti? Ndine mayi wa ku Area 49.

YANKHO: Mayi, zonse ziwiri musachite, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge yankho ili mpaka kumapeto musananyamule chidebe.

Ndikumvetsa mmene mwafikira pamenepa, chifukwa kulera kwa nsombazi n'kokoma kuonerera moti munthu sulimba mtima kusokoneza. Yaikazi imaikira mazira 100 mpaka 300, amaswa pakatha masiku atatu, ndipo makolo amatola tianato ndi pakamwa n'kukatilavulira m'kadzenje kamene anakumbiratu mumchenga. Pakatha masiku ena 4 kapena 5 timayamba kusambira ngati kamtambo ka fumbi kozungulira mayi, ndipo kamodzi kakasochera, bambo amakatola n'kukabwezera pagulu. Mayi amapukusa mchenga ndi zipsepse ndiponso kutembenuza masamba ogwera pansi kuti tiana tipeze todya. Makolo amalera chotero masabata 4 mpaka 6, kenako n'kuikiranso. Ana omwewo pa miyezi 4 mpaka 6 amayamba kubereka nawonso. Banja limodzi likabereka maulendo 6 pa chaka, ana 150 ulendo uliwonse, ndiye kuti mwapeza nsomba 900, osawerengera adzukulu.

Tsopano tsatirani madzi a Lingadzi kumene akupita. Lingadzi amathira mumtsinje wa Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'Nyanja ya Malawi ku Salima. Chidebe chotsanulidwa pamlatho mumzinda muno chili panjira yopita kunyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, mitundu mazanamazana ya ma cichlid imene siipezeka kwina kulikonse. Madzi a kunyanjako ndi ofunda chaka chonse, ofanana ndi amene convict imaberekeramo m'thanki yanu. Linthipe yemweyo ndi umodzi mwa mitsinje imene mpasa umakwera kukaikira mazira, ndipo m'madambo a kumathiriro ake ndi momwe ana a nsomba zambiri amakulira. Nsomba yaukali, yodya chilichonse, yolondera ana ake mpaka ambiri kupulumuka, ndi mlendo woipa m'malo otere. Convict yomweyi inakhazikika kale m'madzi a ku Australia, Hawaii, Mexico ndi chilumba cha Réunion, ndipo njira yake yodziwika ndi ya anthu oweta amene anatopa nayo n'kuitaya.

Zimene mlendo wa m'madzi amachita tinaziona kale. Ku nyanja ya Victoria anaikamo Nile perch, nsomba yaikulu yodya zinzake, m'zaka za m'ma 1950, ndipo itachuluka m'zaka za m'ma 1980, mitundu pafupifupi 200 ya ma cichlid a kumeneko inasowa. Namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, anafalitsidwa m'mayiko ambiri ngati duwa lokongoletsa, koma lero funsani a ku Liwonde ndi ku Nkula ntchito imene amawapatsa mu Shire. N'chifukwa chake lamulo la zausodzi la 1997, Fisheries Conservation and Management Act, silola munthu kuika nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo, ndipo n'chifukwa chakenso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linaletsa kuweta nsomba yachilendo ya common carp poopa kuti ingalowe m'Nyanja ya Malawi, ngakhale kuti alimi ankaikonda chifukwa chokula msanga. Palinso nkhani ya matenda, pakuti nsomba ya m'thanki ikhoza kunyamula tizilombo timene nsomba zathu sizinakumanepo nato. Amene anaona matenda a zilonda atagwira nsomba ku Mchinji mu 2020 akudziwa mmene matenda amayendera msanga akalowa mumtsinje.

Damu la achimwene anu si pothawira. Convict siikula kufika pa ndiwo yoti n'kugulitsa, idzangodzaza damu, kulanda chakudya cha makumba ndi chilunguni, ndi kudya ana awo. Ndiponso damu lililonse limasefukira tsiku lina mvula ya Febuluwale ikakula, ndipo madziwo amapita kudambo, dambo n'kupita kumtsinje.

Choyamba tsekani mpopi umene ukudzaza nyumba yanu. Alekanitseni bambo ndi mayiwo lero, kaya m'mathanki awiri kapena ndi chotchinga chapulasitiki cha timabowo chimene madzi angadutse koma nsomba ayi. Akazi okhaokha amakhala limodzi bwinoko kusiyana ndi amuna. Nthawi zina amaikira mazira, koma opanda yaimuna amangoyera n'kuola. Ngati mukufuna kuti banjalo likhalebe limodzi, muzichotsa phale la mazira tsiku loyamba kapena lachiwiri asanaswe, n'kuliyanika padzuwa, koma muziyang'anira yaikazi masiku otsatira chifukwa yaimuna imakonda kuipsera mtima. Ana amene muli nawo m'mabeseni musawasiye mpaka atakula osawasankha, chifukwa ayamba kuberekana okhaokha. Mamba a lalanje akangooneka pamimba, patulani akazi.

Funsani amene anakugulitsani ngati angalandire ena, ngakhale kwaulere, ndipo funsaninso aphunzitsi a sayansi m'sukulu zapafupi amene ali ndi thanki. Aliyense womupatsa mumupatse amuna okha kapena akazi okha, ndipo mumuuze zoona zonse za nsombayi, kuphatikizapo zoti sayenera kuitaya kumadzi. Abale ndi anansi amene munawapatsa kale muwaimbire foni sabata ino, chifukwa pofika Khirisimasi nawonso adzakhala ndi zidebe zawo. Potaya madzi a m'mabeseni muzithira pamunda kapena pakapinga, kutali ndi ngalande, popeza kamwana ka sabata imodzi n'kovuta kukaona ndi maso.

Otsala amene sadzapeza mwini ayenera kuphedwa, ndipo ndikudziwa kuti mawu amenewa akukulemerani. Kuwasiya 200 m'beseni, akupumira pamwamba ndi kudyana zipsepse, ndi imfa yomweyo koma yochedwa. Njira yosazunza ndi ya mafuta a clove, amene amapezeka m'mafamase ena ngati mankhwala a dzino. Tengani theka la mililita pa lita iliyonse ya madzi, muwakhutchumule kaye m'kabotolo ka madzi ofunda mpaka ayere ngati mkaka, kenako muthire pang'onopang'ono m'beseni. Nsomba zimagona ngati munthu wobayidwa jakisoni wa opaleshoni; muzisiye momwemo mphindi 30 kuchokera pamene zasiya kupuma, kenako muzikwirire m'munda, osati kuzitaya m'chimbudzi chamadzi. Ngati dzanja lanu likukana, pemphani munthu wina wa pakhomo kuti akuchitireni, kapena pitani ku ofesi ya zausodzi ya boma la Lilongwe mukawafotokozere nambala ya nsomba zimene muli nazo ndi mtundu wake.